Amayi Athu Pachikuto cha Buku

Mchimwene wanga Abelardo anayamba kulemba buku lake loyamba ali ndi zaka makumi anayi, n'kudzalimaliza ndevu zitachita kale imvi. Linali lonena za agogo athu aamuna ndi munda wawo wa khofi ku Timbío. Ndinaliwerenga lonse chifukwa ndine ndinamutayipira, poti kale ndinkagwira ntchito yotayipa kwa loya. Sindinganame, munalibe cholakwika m'bukumo. Kungoti linali ngati mlendo wovala bwino amene wakhala pabalaza pako tsiku lonse osanena chimene wadzera.

Abelardo amaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale kuno ku Popayán, ndipo sankafuna kuti buku lake lithere m'manja mwa aphunzitsi anzake, amene anali atayamba kale kumunyogodola pomutcha "bambo mlembi" akamalowa mu ofesi. Ankati pakufunika ejenti, munthu wodziwana ndi makampani akuluakulu osindikiza mabuku a ku Bogotá ndi ku Madrid, amene amatenga zolemba za munthu n'kukazitsatsa kumeneko. Kwa zaka zitatu anakhala akutumiza makalata. Ambiri sanamuyankhe. Amene anayankha ankachita ngati akopererana: tathokoza, koma si zimene tikufuna pakali pano.

Kenako anayankha mayi wina dzina lake Ximena Salcedo. Anati akakumane ku Bogotá pa nthawi ya chionetsero cha mabuku. Abelardo anagula jekete yatsopano, nakwera basi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mayiyo anamupatsa mphindi makumi awiri pamalo omwera khofi, foni ili m'manja. Anali atawerenga masamba makumi atatu okha. Anamuuza kuti amalemba mwaukhondo, koma za agogo ndi minda ya khofi aliyense analemba kale, owerenga anakhuta nazo. Pofuna kubisa manyazi, Abelardo anayang'ana wotchi n'kunena kuti nayenso sakhalitsa, wasiya amayi ake akudwala matenda oiwala.

Mwini wakeyo ndiye anadzandiuza, monyadira, kuti apa m'pamene mayi uja anaika foni pansi.

"Ndiye inu mukutaya nthawi ndi khofi, buku lili m'nyumba mwanu?"

Koma silinali m'nyumba mwake. Amayi, doña Eulalia, ankakhala ndi ine, m'nyumba imene tinakuliramo. Ndinasiya ntchito kwa loya chaka chimene anayamba kusochera pochokera kutchalitchi, n'kuyamba kusoka mayunifolomu a ana asukulu pakhomo kuti ndiziwaona. Amene sanawadziwe amayi ali bwino sangamvetse. Anali munthu wosatsegula chitseko asanavale ndolo ndi kupaka milomo, ngakhale wogogodayo akhale wowerenga mita ya madzi. Kwa zaka makumi atatu ndiwo ankapeta ndi kusita zovala za zifanizo za oyera zimene zimayenda m'misewu pa Sabata Loyera, ndipo azimayi anzawo ankawaopa kuposa wansembe.

Bambo, don Heriberto, anali atamwalira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Amayi anaiwala. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankafunsa ngati Heriberto wabwera. Ine ndinkati adzera kometa, ndipo kuli mzere. Ankadandaula pang'ono kuti bamboyu n'ngokonda macheza, basi n'kutembenukira ku wailesi yawo.

Ulendo wa ku Bogotá usanachitike, Abelardo ankabwera kamodzi pamwezi ndi buledi m'kapepala, n'kukhala theka la ola makiyi a galimoto ali m'manja. Atabwerako anayamba kufika Lachiwiri, Lachinayi ndi Lamlungu, kope lili m'thumba la jekete. Sanabise chimene wadzera: ankalemba buku la amayi. Koma ndinakondwa, uchitsiru wangawo. Ndinati bola azibwera. Amayi akamuona nkhope yawo inkawala, n'kumutchula dzina lake bwinobwino, pomwe ine wowasambitsa masiku ambiri ankanditcha "mtsikana iwe" n'kumandifunsa kuti anandilemba ntchito ndani.

Ankandipeza kukhitchini ndi mafunso. Ndimawasintha thewera kangati patsiku, amanena chiyani ndikamawavula, amatukwana mawu ati. Ndinkayankha zonse, chifukwa zaka zonsezo panalibe amene anandifunsapo kanthu. Tsiku lina ndinamuuza ngakhale chimene ndinali nditangouza wansembe yekha: kuti m'mawa wina amayi atandilavulira mankhwala kumaso kachitatu, ndinawamenya mbama. Kamodzi kokha. Ndinalira pomuuza, iye n'kundigwira paphewa. Kope linali patebulo, lotseka.

Ndinayamba kumusiyira amayi Lachinayi kwa maola awiri kuti ndizikapereka mayunifolomu. Lachinayi lina pobwerera ndinamva kulira ndili pakona ya msewu wathu. Ndinapeza amayi atagwada pa wadiropu, akukokera zovala zonse pansi kufuna diresi lakuda, akuitana dzina la bambo ndi mawu amene ndinawamva komaliza kumanda. Abelardo anali pampando pakhomo la chipindacho, kope lili pabondo.

Anati amayi anamufunsa za bambo ndipo iye sakanatha kunamiza mayi ake omubala, choncho anawauza kuti bambo anamwalira. Ndinamutulutsa. Amayi analira mpaka mawu anasasa, kenako anaiwala chimene akulirira, koma thupi silinaiwale. Masiku awiri anakana chakudya, akungozungulira m'nyumba ngati ataya chinthu. Ndinamuimbira foni kumuuza kuti asadzayerekezenso. Anapepesa, ndipo ndinamukhulupirira.

Patapita miyezi iwiri, doña Bertilda wa nyumba yoyandikana nafe, amene amakazinga ma empanada, masamusa a kuno, n'kumagulitsira pawindo, anandiimitsa ndikudutsa. Anazungulira kaye, kufunsa za makina anga osokera ndi za mvula, n'kundipatsa empanada imodzi yaulere, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

"Nohemí mwanawe, ine za eni sindilowerera, ukundidziwa. Koma kwanuko mumakhala ndi maliro Lachinayi lililonse? Ukangokhota pakona apo amayamba. Ukamabwera amakhala atatonthola."

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake amayi ankakana kudya Lachisanu lililonse, ine n'kumavutitsa dokotala kuti mwina ndi mankhwala. Mchimwene wanga anali ataphunzira kuyamba msanga.

Ndinapita kwake tsiku lomwelo, ndinamupeza pakompyuta. Sanakane. Anati Ximena anabweza chaputala cha kulira kwa amayi kuti chilibe moyo, ndipo n'zoona, chifukwa ulendo woyamba uja anachita mantha, sanaonetsetse.

"Ndipo salira mofanana, Nohemí. Tsiku lina amafunsa kuti afa bwanji. Tsiku lina amati n'chifukwa chiyani tinawabisira. Tsiku lina anayamba aseka kaye."

"Ndi amayi ako amenewo."

"Ndi amayi anga, eya. Pofika madzulo amakhala ataiwala zonse, ndiye chawatsalira n'chiyani? Iwe umawanamiza tsiku ndi tsiku. Ine ndawauza zoona kasanu ndi kawiri. Woipa ndani pamenepa?"

Anali kuwerenga maulendo ake. Kasanu ndi kawiri.

Sindinamusiyirenso amayi. Kumuletsa kubwera sindikanatha, nyumbayo ndi yakenso, ndipo amayi ankamufuna. Ndinangouza eni mayunifolomu kuti azidzatenga okha, ndipo iye akafika ndinkakokera makina anga pakhomo la chipinda n'kumasokera pomwepo.

Ximena anamusunga chaka ndi theka. Katatu konse anabweza bukulo: chotsani izi, onjezani izo, mlongoyu akuoneka wabwino mopitirira, anthu otere kulibe. Abelardo ankakonza chilichonse ngati mwana wasukulu woopa chikwapu. Kenako mayiyo anangoti zii miyezi inayi. Yankho litabwera silinachokere kwa iye koma kwa wantchito wa mu ofesi yake, mizere itatu, ndipo anamutcha Alberto. Anati chaka chimenecho makampani anali atalandira kale mabuku ambiri a amayi odwala, ndipo akumufunira zabwino zonse. Izi ndinazimva kwa mlamu wanga Luz Dary, amene anati mwamuna wake anatha masiku atatu osameta, osayankhula, akungotsegula imeloyo n'kuitseka.

Tsiku lachinayi anadzuka ndi nkhani ina. Anayamba kuuza aliyense kuti iye ndiye wawakana anthu a ku Bogotá, chifukwa ankafuna kumudulira buku lake ngati nyama ya pamsika. Anati wasankha kukhala mlembi wodziimira payekha. Anagulitsa galimoto, napeza wosindikiza ku Cali, naphunzira zonse: kukula kwa zilembo, mtundu wa pepala, kalembetsedwe ka nambala ya buku. Ankayenda ndi timapepala m'thumba n'kumapatsa anthu kuti akhudze, anene kokoma m'manja ndi kati. Ndiyenera kuvomera kuti sindinamuonepo ali wokondwa ngati miyezi imeneyo. Anachita kubwerera unyamata. Panalibenso womuuza kuti ayi.

Ngakhale pa za chikuto panalibe womuuza kuti ayi. Ndinachiona koyamba pawindo la sitolo ya mabuku pafupi ndi paki, ndikuchokera kogula mankhwala, amayi nditawasiya ndi doña Bertilda. Anali amayi, atakhala pawindo la kuchipinda kwawo m'diresi logonera, tsitsi lili nyankhalala, mano oikirira atachotsa, kukamwa kuli yasa. Sindikudziwa kuti anawajambula liti. Pansi pake panali dzina lake m'zilembo zikuluzikulu. Ndinaima pamenepo mpaka mwini sitolo anatuluka kudzandifunsa ngati ndikufuna limodzi.

Ndinamuimbira ndili pamsewu pomwepo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati mabuku mazana atatu afika kale m'makatoni, ndipo chithunzicho aliyense akuchiyamikira kuti chili ndi choonadi. Anati vuto langa ndi loti ndimachita manyazi ndi amayi.

Mwambo wokhazikitsa bukulo unali Loweruka masana, muholo ina pakati pa tauni. Abelardo ankafuna amayi akakhalepo. Ndinakana, ndipo sanalimbane nane. Anangobwera m'mawa wa tsikulo, n'kugwada pafupi ndi mpando wa amayi, n'kuwauza kuti kuli phwando ndipo aitanidwa. Amayi anayamba kuitanitsa ndolo zawo. Munthu amene watha chaka osafuna kanthu, akafuna ndolo umukaniza bwanji? Ndinawaveka diresi lawo labuluu, ndinawapaka milomo, ndinawakankha panjinga yawo mpaka kuholoko.

Kunabwera anthu ngati makumi asanu ndi limodzi: aphunzitsi, ophunzira ake akale, anansi, ndi azimayi akutchalitchi amene ankapeta limodzi ndi amayi. Anatikhazika kutsogolo, pansi penipeni pa chithunzi chachikulu cha chikuto chija. Amayi anachiyang'ana koma sanadzizindikire.

Abelardo anayamba ndi kunyoza ma ejenti. Anati ndi anthu amene amagulitsa mkaka koma ng'ombe sanaikamepo, anthu n'kuseka. Kenako anawerenga. Anasankha chaputala cha kubafa, pamene mayi wa m'bukumo wadziipitsira ndipo akupempha kuti asauze mwamuna wake. Atamaliza chimenecho anawerenga cha Lachinayi. Amawerenga bwino Abelardo, si mphunzitsi nanga. Azimayi ena ankapukuta misozi, ena anaweramitsa mitu kuopa kuyang'ana kumene tinakhala. Amayi ankamvetsera mwachidwi ngati ali pa Misa, manja ali pamiyendo.

Atatseka buku, kunali kaye chete anthu asanayambe kuwomba m'manja. Amayi anandikoka malaya n'kufunsa mokweza, monga amachitira anthu osamva bwino:

"Mtsikana iwe, mayi akumunenayo alibe ana?"

Holo yonse inamva. Wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa. Ndinayang'ana mchimwene wanga, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina zamulowa. Koma anamwetulira, natambasula dzanja kuloza amayi, nati, "Mwawamva? Amayi anga amenewo." Anthu anawomba m'manja mwamphamvu, chifukwa anapeza pothawira.

Pamene ankasainira mabuku, ine ndikukankha njinga kutuluka, anandikodola n'kundinong'oneza kuti amayi akanati anene mawu amenewa miyezi itatu yapitayo, akanatsekera nawo buku.

Ndinaliwerenga sabata yotsatira, amayi akagona masana. Dzina langa anangosintha chilembo chimodzi. Mlongo wa m'bukumo ndi mkazi wosakwatiwa, wa manja ozizira, amene amanamiza mayi ake tsiku lililonse ndipo akudikira nyumba. Mawu anga onse a kukhitchini anali momwemo monga ndinawanenera. Mbama ija inali patsamba 141, koma m'bukumo sinali imodzi, ndipo mlongoyo salira pambuyo pake. Kulira kwa amayi kasanu ndi kawiri kuja anakuphatikiza kukhala tsiku limodzi, mwana wachisoni atalephera kunama.

Ku Bogotá bukulo silinafike, ndipo nyuzipepala za kumeneko sizinalitchule. Linagulidwa ndi anthu a kuno, amene amatidziwa, n'kumayenda nyumba ndi nyumba mobwerekana. Kumsika azimayi ankasiya kuyankhula ndikafika. Makolo ena anayamba kupereka mayunifolomu kwa telala wina. Mayi wina wakutchalitchi anabwera ndi supu ya nkhuku, ndipo pochokera kukhitchini ndinamupeza akupinda manja a malaya a amayi kuona ngati pali zipsera. Ndinamuthokoza chifukwa cha supuyo.

Abelardo anatumiza buku limodzi kwa Ximena, atalembamo mawu obaya. Patapita miyezi iwiri foni ya m'nyumba inalira cha m'ma teni m'mawa, ndili pakati powasintha amayi. Mawu achikazi, ofatsa, anafunsa ngati ndine mlongo wake wa aphunzitsi. Anali Ximena. Nambala yathu Abelardo anamupatsa kalekale, pofuna kuonetsa kuti sachoka pambali pa mayi ake. Anati bukulo analiwerenga m'ndege, ndipo lili momwe ankaopera, lolembedwa ndi munthu woimirira pakhomo. Koma paliponse pamene mlongoyo watsegula pakamwa, tsamba limadzuka.

"Chilichonse chamoyo m'bukumu chatuluka pakamwa panu, mayi. Kodi mumalemba?"

Ndinati ndimasoka. Anati zilibe kanthu, ndikhoza kumangoyankhula n'kumajambula mawu pafoni, iwo ali ndi anthu okonza. Kenako anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati amayi akadali moyo, ndiponso kuti madokotala akuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji, chifukwa buku lotere limafuna mathero. Ndinamuuza kuti ndasiya munthu ali wosavala pabedi, n'kudula foni.

Ndikanatha kuzisunga mumtima. Koma Lamlungu lotsatira, Abelardo ndi Luz Dary atabwera kudzadya nkhomaliro, ndinadikira kuti aike supuni pakamwa, ndipo ndinamuuza zonse, liwu ndi liwu, mosathamanga. Za munthu woimirira pakhomo ndinazinena kawiri. Luz Dary ankandiponda phazi pansi pa tebulo koma sindinasiye. Ndinaona magazi akuchoka kumaso kwa mchimwene wanga, ndipo zinandikomera kuposa chakudya chilichonse chimene ndinadya chaka chimenecho.

"Za ine anafunsapo?"

"Ayi."

Abelardo anaika supuni pansi. Kenako anafunsa ngati nambala imene mayiyo anaimbira inatsala pafoni, chifukwa yakale ija sinkalowanso.

Kuchokera tsiku limenelo sanabwerenso kunyumba. Anayamba kuphunzitsa anthu Loweruka lililonse momwe angasindikizire okha mabuku popanda kugwadira aliyense, ndipo malo ankadzaza, chifukwa m'tauni muno aliyense wopuma pantchito ali ndi buku m'dirowa. Amayi anafunsa za iye kwa milungu ingapo, kenako dzina lake linawachoka, kenako mawu onse. Anamwalira mu Febuluwale, Lachiwiri m'mawa, ndikuwapesa tsitsi.

Tchalitchi chinadzaza, ndipo ambiri anali ophunzira ake a Loweruka. Wansembe wachilendo, amene sanawadziwe amayi, anawerenga ndime ya m'bukumo pa ulaliki wake, n'kuyamikira mwana amene anakonda mayi ake mpaka kuwalembera buku. Titatuluka, bokosi atalilowetsa m'galimoto, mayi wina anatulutsa buku m'chikwama chake mwamanyazi, n'kupempha aphunzitsi kuti asainepo, alembenso deti la tsikulo. Kumbuyo kwake kunaima wina, kenako wina. Abelardo anasanthula m'matumba monse n'kutembenukira kwa ine. Maso ake anali ofiira, chifukwa analiradi, sindingamunamizire.

"Nohemí, uli ndi cholembera?"

Ndinali nacho, chomwe ndinasainira mapepala a imfa. Ndinamupatsa. Anaweramira pa boneti ya galimoto ya maliro, ndipo woyendetsa anazimitsa injini kudikira kuti mzere uthe.